Isanathamange, Iyambe Yadziwa Kuima

M'midzi ndi m'makomboni ambiri a dziko lino muli galimoto zimene zidaima kalekale. Ina ili patsinde pa mtengo wa mango, matayala ake ataphwa ndi kung'aluka. Ina adaikweza pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku n'kusandutsa mpando wake wakumbuyo chisa choikiramo mazira. Mwini wake mwina adakalamba, mwina adatsikira kulichete, koma a pabanja sadalole kuti ogula zitsulo zakutha aiphwasule, pakuti ndi galimoto yomweyo imene idathamangira ndi mayi kuchipatala pakati pa usiku, imene idanyamula akwati, imenenso idaperekeza maliro a agogo kumudzi. Tsono limafika tsiku lakuti mwana wa m'nyumbamo, atapezako pogwira, aganiza zoidzutsa.

Maganizo a munthu wotere amathamangira ku zinthu ziwiri: injini ndi penti. Amagula batire, amathira petulo watsopano, ndipo injini ikangolira, utsi n'kuti tolo, ana amakuwa ndipo amayi amaimba nthungululu. Kenaka galimoto imapita kwa wopaka penti, n'kubwerako ikunyezimira ngati ya dzulodzulo. Nanga mabuleki? Amangowaponda kawiri pabwalo, galimoto n'kuima, nkhani n'kuthera pomwepo. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Galimoto imene yaima pabwalo ikuyenda liwiro la munthu wapansi siinayesedwe kanthu. Mayeso ake enieni akuidikira pa chitsikira cha Golomoti, m'mapiri a Chiweta, kapena panjira yotsika phiri la Zomba, itadzaza ndi abale, akulu ndi ana omwe. Motero ntchito yodzutsa galimoto yakale iyenera kuyambira ku mabuleki, ndipo ntchito ya mabulekiyo siithera pa kusintha mapadi.

Galimoto imene idakhalitsa mu Afirika

Chitsanzo chabwino pa nkhaniyi ndi Peugeot 504. Galimotoyi idaonetsedwa koyamba ku Paris mu 1968, ndipo idasankhidwa kukhala galimoto yopambana ku Ulaya ya chaka cha 1969. Maonekedwe ake adakonzedwa ndi kampani ya Pininfarina ya ku Italy. Mu 1975 Ove Andersson wa ku Sweden adapambana nayo mpikisano wa Safari Rally ku Kenya, pa misewu ya fumbi ndi matope yofanana ndi ya kuno. Ku France adaleka kupanga saluni yake mu 1983, koma ku Kenya ndi ku Nigeria adapitiriza kuilumikiza kufikira zaka zoyambirira za m'ma 2000. N'chifukwa chake zotsalira zake zikupezekabe m'madera ambiri a Afirika, ndipo amakaniko achikulire amaidziwa monga munthu adziwira bwalo la kwawo.

Saluni zoyamba za 504 zidatuluka ndi mabuleki a disiki pa magudumu onse anayi, chinthu chimene sichidali chofala pa galimoto za mabanja za nthawi imeneyo. Zazitali zonyamula banja lonse, zapikapu, ndi saluni zina zotsika mtengo zidali ndi madisiki kutsogolo kokha, kumbuyo kuli mabuleki a dilamu. Choncho wofuna kugula zipangizo ayambe wagwada n'kusuzumira kuseri kwa gudumu kuti adziwe mtundu umene ali nawo.

Nzeru ya buleki ya disiki ndi yakale ndithu. Frederick Lanchester wa ku England adailembetsa m'dzina lake mu 1902, koma padapita zaka makumi asanu isanakhwime. Dziko lidaizindikira mu 1953, pamene galimoto ya Jaguar yokhala ndi madisiki a kampani ya Dunlop idapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans. Ndipo mu 1955 Citroën DS idabweretsa madisiki pa galimoto yogulidwa ndi anthu ambiri.

Kapangidwe kake n'kosavuta kukamvetsa. Disiki, imene ku America amaitcha rotor, ndi mbale yachitsulo yozungulira pamodzi ndi gudumu. Pamphepete pake pamakhala kalipa, chitsulo chooneka ngati mbaniro, ndipo m'kati mwa kalipa muli pisitoni ndi mapadi awiri, ina mbali iyi, ina mbali inayo. Dalaivala akaponda pedulo, masita silinda imakankha mafuta a mabuleki m'mapaipi, mafutawo amakankha pisitoni, ndipo mapadi amapana disiki. Zimenezi zimatheka chifukwa cha lamulo limene Blaise Pascal wa ku France adalongosola zaka za m'ma 1600, lakuti zamadzimadzi zotsekeredwa zikapanikizidwa pamalo amodzi, mphamvuyo imafika ponseponse. Zamadzimadzi sizifinyika, mpweya ndi nthunzi zimafinyika. Mavuto ambiri a mabuleki amachokera pa kusiyana kumeneku.

Mdani wamkulu ndi kutentha

Buleki siimeza liwiro, imalisandutsa kutentha. Galimoto yolemera makilogalamu 1,200, monga 504, ikaima kuchoka pa liwiro la makilomita 80 pa ola, imatulutsa kutentha kokwanira kufikitsa powira pafupifupi lita imodzi ya madzi ozizira, ndipo zimenezi zimachitika m'masekondi ochepa chabe. Liwiro likawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanayi. Galimoto yomweyo ikatsika phiri lotalika mamita 600, mphamvu yofunika kuiletsa imaposa ya kuima kuja maulendo 20. Gawo lina injini ndi mphepo zimathandiza, koma dalaivala wotsika ali m'giya yaikulu amasenzetsa mabuleki pafupifupi katundu yense. Ndipo popeza kulemera kwa galimoto kumakankhikira kutsogolo poima, madisiki akutsogolo ndiwo amagwira ntchito yaikulu, magawo awiri mwa atatu kapena kuposerapo.

Disiki tsono ili ngati nkhokwe yolandira kutentha ndi kukupereka ku mphepo. Yonenepa imalandira kwambiri. Yopyapyala imadzaza msanga. Mapadi akatentha kupyola muyeso amayamba kuterera, ndipo mafuta akawira amasanduka nthunzi, pedulo n'kumira mpaka pansi popanda chogwira. Dalaivala amene zoterezi zidamchitikira pa chitsikira, ngati adapulumuka, saiwala moyo wake wonse.

Galimoto yoima zaka zambiri imaonongeka mwakachetechete. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi cha mumpweya. A DOT 3 atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi osakwana magawo anayi pa 100 alionse, malire ake amatsika kufika pa madigiri 140; a DOT 4 amatsika kuchoka pa 230 kufika pa 155. Madzi omwewo amadya zitsulo kuchokera m'kati, mapisitoni n'kugwira dzimbiri. Mapaipi a labala amang'aluka kunja ndi kutupa m'kati. Madisiki amachita dzimbiri ponseponse kupatula pamene padatsamira mapadi, n'kutsala ndi chipsera chooneka ngati phazi. Zonsezi sizioneka kwa munthu woima chapatali n'kumasirira penti.

Kuphwasula mwa dongosolo

Makaniko wodziwa ntchito amayamba ndi kudziteteza. Amaimika galimoto pamalo osalala ndi olimba, amaika miyala kapena matabwa kutsinde kwa matayala otsala pansi, amamasulako pang'ono manati gudumu lisanachoke pansi, kenaka amakweza ndi jeke n'kukhazika galimoto pa masitandi achitsulo. Jeke ndi chokwezera chabe. Njerwa zosanjikiza nazo zimaphwanyika mosachenjeza. Munthu wolowetsa mutu pansi pa galimoto yodalira zimenezi akuseweretsa moyo wake.

Gudumu likachoka pamaoneka fumbi lakuda. Mapadi ndi malayiningi a zaka zimenezo kawirikawiri ankapangidwa ndi asibesitosi, amene fumbi lake likalowa m'mapapo limatha kuyambitsa matenda aakulu, kuphatikizapo khansa, patapita zaka zambiri. Fumbili saliuzira ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa kompuresa. Amalinyowetsa, n'kulipukuta ndi nsanza yonyowa, nsanzayo n'kuimanga m'pepala la pulasitiki ndi kuitaya, wogwira ntchitoyo atatseka mphuno ndi pakamwa.

Asanamasule kanthu, makaniko amayang'anitsitsa m'mene zitsulo zakhalira, ndipo masiku ano amajambula ndi foni. Amagwira mbali imodzi kaye, mbali inayo n'kuisiya kuti ikhale mphunzitsi wake pomanga. Mapadi akale akatuluka sawataya msanga, pakuti ali ndi umboni. Onse awiri akatha mofanana, kalipa idali kuyenda bwino. Imodzi ikatha, inzake ili yonenepa, ndiye kuti pisitoni kapena zitsulo zotsetserekapo kalipa zidakanirira. Padi yotha mopendekera ikuulula kuti idali kukhala mokhota. Yonyowa ikuulula kuti pali podontha. Mapadi atsopano oikidwa popanda kuchiza chimene chidaononga akalewo adzatha chimodzimodzi.

Kalipa ikamasulidwa siisiyidwa ikulendewera pa paipi yake ya labala. Imakolekedwa ndi waya. Pa galimoto yoima zaka zochuluka, kalipa iyenera kuphwasulidwa yonse. M'kati mwa silinda yake muli mphete ya labala yozungulira pisitoni, imene ili ndi ntchito ziwiri: kutseka mafuta, ndiponso kubweza pisitoni. Buleki ikapondedwa mpheteyo imapindika pang'ono, ndipo pedulo ikasiyidwa imawongoka n'kukokera pisitoni m'mbuyo kadanga kochepetsetsa. Mphete ikauma ndi ukalamba siibwezanso kanthu, mapadi amangokhuza disiki ulendo wonse, gudumu n'kumatentha. Pisitoni imene khungu lake lonyezimira lachita timaenje ta dzimbiri imasinthidwa, chifukwa timaenjeto timacheka labala watsopano. Potsuka za m'kati amagwiritsa ntchito mafuta a mabuleki oyera kapena sipiliti. Petulo, palafini, dizilo ndi oyilo wa injini zimatupitsa labala ndi kumuononga. Makalipa akumbuyo a saluni ali ndi zitsulo za handibuleki m'kati mwake, motero pisitoni yake siikankhidwa mwankhanza. Imatembenuzidwa kaye monga buku la galimotoyo likulangizira.

Mlandu wa disiki

Apa ndi pamene pamasiyanirana mmisiri ndi wongosintha zitsulo. Disiki siiweruzidwa ndi maso okha. Wopanga aliyense amaika malire a kuonda kwake, ndipo nambala yake imadindidwa pamphepete kapena pakati pa madisiki ambiri. Ngati dzimbiri laifafaniza, imapezeka m'buku la galimoto. Makaniko amatenga chida chotchedwa micrometer n'kuyeza kunenepa kwa disiki pamalo asanu ndi atatu kuzungulira mbale yonse, pamene pamadutsa mapadi. Amapewa mlomo wa m'mphepete umene mapadi saufika, chifukwa umanamiza: umaonetsa disiki ngati yonenepa pamene pakati patha.

Atayeza, chigamulo chimakhala chimodzi mwa zitatu. Disiki imene ili pamwamba pa malire, yosalala, ya dzimbiri lapamwamba chabe, imangotsukidwa ndi kukwechedwa. Imene ili ndi mizera yakuya yokola chikhadabo, kapena yonenepa mosiyana pamalo ndi pamalo, imatha kupita ku makina osemera zitsulo, malinga ikadzabwerako idzakhale idakali pamwamba pa malire. Imene yafika pamalire, imene ili ndi mng'alu, imene ili ndi mawanga obiriwira ouma chifukwa cha kupsa, kapena imene dzimbiri laidya n'kusiya maenje, yatha ntchito. Ikakhale belu la pasukulu. Kusema kumachotsa chitsulo, ndipo chitsulo chochotsedwa sichibwerera. Disiki yosemedwa kupyola malire imaoneka yokongola kuposa zonse, koma ndi nkhokwe yaing'ono imene idzadzaza pakati pa phiri. Chimene chachitidwa kumanzere chichitidwenso kumanja, pakuti madisiki osiyana amakokera galimoto mbali imodzi poima.

Ngakhale disiki yapambana mlandu, siinakonzeke kulandira mapadi. Yakale imakhala ndi khungu loterera la zotsalira za mapadi akale. Yochokera ku makina imakhala ndi kanjira kopyapyala kozungulira ngati ka mbale ya galamafoni, kamene kamatha kukoka mapadi ndi kuwaliza. Zonse ziwiri zimakwechedwa ndi sandipepa ya nambala 120 kapena 150, mbali zonse ziwiri, dzanja likuyenda mopingasapingasa kuti mizera isaloze kumodzi. Zikatero disiki imatsukidwa ndi madzi otentha ndi sopo, n'kuumitsidwa msanga. Umboni wakuti yayera ndi nsalu yoyera: ikadutsapo n'kutuluka ili mbuu, tizidutswa ta chitsulo tikadalipo, ndipo tikalowa m'mapadi atsopano tidzawaononga. Disiki yatsopano ya m'sitolo nayonso ili ndi chake: ambiri mwa madisiki otere amabwera atapakidwa mafuta oteteza dzimbiri, amene ayenera kuchotsedwa onse. Kuyambira pamenepo, chala cha girizi chisakhudzenso pamene padzadutsa mapadi.

Chotsatira ndi habu, chitsulo chimene disiki imamangidwapo. Pa galimoto zambiri za nthawi imeneyo disiki yakutsogolo idamangidwa kuseri kwa habu, kotero kuti habu yonse iyenera kutuluka. Umenewu ndi mwayi woona mabering'i, kuwasintha ngati atha, ndi kuthira girizi watsopano. Nkhope ya habu yokhudzana ndi disiki imapalidwa ndi bulashi yawaya kufikira chitsulo chitawala. Aulesi amadumpha ntchito imeneyi poiona ngati yachabe, chikhalirecho ndi pamene pagona bata la galimoto. Kachidutswa ka dzimbiri kotsala pafupi ndi pakati kamapendeketsa mbale yonse, ndipo kupendekako kumakula kukafika kumphepete.

Disiki yopendekera imagwedezeka pozungulira, n'kumakhuza padi pamalo amodzimodzi ulendo uliwonse. Pakapita miyezi, malo amenewo amasiyana kunenepa ndi ena onse, ndipo dalaivala amayamba kumva pedulo ikugunda kuphazi, chiwongolero chikunjenjemera. Amadandaula kuti adamgulitsa disiki yopindika, pamene kawirikawiri cholakwa chidali dzimbiri la pa habu kapena mabawuti omangidwa mosiyana mphamvu. N'chifukwa chake mmisiri akamanga disiki amaikapo chida chokhala ndi muvi ngati wa wotchi, chotchedwa dial gauge, n'kuzungulitsa disiki pang'onopang'ono. Opanga galimoto ambiri safuna kuti kugwedezekako kupyole gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, kumene kuli ngati kunenepa kwa pepala limodzi la m'kope. Kukapyola, amamasula, amapalanso, amasuntha disiki kuti mabowo akumane ndi mabawuti ena, n'kuyezanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mabawuti amamangidwa modumphitsa, ili kenaka loyang'anizana nalo, ndi sipanala yoyeza mphamvu; kudumphira pa mpaipi wautali si kumanga ayi.

Kumanga ndi kuchotsa mpweya

Mapadi amasinthidwa onse anayi a magudumu awiri nthawi imodzi. Msika wadzaza ndi zipangizo zachinyengo zonyamula maina otchuka, choncho mtengo wotsika modabwitsa ukhale chenjezo. Padi imene yamwa oyilo kapena mafuta a mabuleki imatayidwa. Kuiwamba pamoto, monga ena amachitira, kumangoumitsa pamwamba, mafuta a m'kati n'kudzatuluka ikatentha pamsewu. Zitsulo zotsetserekapo kalipa ndi mapadi zimapalidwa mpaka zitasalala, n'kupakidwa pang'ono chabe girizi wopirira moto wopangidwira ntchitoyi. Timasipuling'i ndi timapini tadzimbiri timasinthidwa, pakuti n'totchipa poyerekeza ndi ntchito yake.

Mapaipi onse a labala a galimoto yoima zaka zambiri ayenera kupita, ngakhale ooneka bwino. Paipi yotupa m'kati imalola mafuta kupita ku gudumu dalaivala akaponda mwamphamvu, koma imawakaniza kubwerera, buleki n'kukhala yogwira. Mapaipi achitsulo a pansi pa galimoto amawalondola ndi maso ndi zala kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka pamene amangiriridwa, popeza m'pamene matope amabisala. Masita silinda nayo imaphwasulidwa kapena kusinthidwa. Pa zaka zonse za ntchito yake, timalabala take tidazolowera kuyenda kadera kochepa; kutsogolo kwa kaderako kumakhala dzimbiri, ndipo pedulo ikakankhidwa mpaka pansi pochotsa mpweya, timalabalato timadutsa pa dzimbiripo n'kung'ambika. Ngati kumbuyo kuli madilamu, nawonso amatsegulidwa, masilinda ake n'kuonedwa ngati akudontha.

Mafuta othira akhale a mtundu umene buku likunena, ochokera m'botolo lotsegulidwa tsiku lomwelo. Dzina lakuti mafuta lisapusitse munthu: a DOT 3 ndi DOT 4 sali pa ubale ndi oyilo wa injini, ndipo kadontho ka oyilo kolowa m'mapaipi kamatha kuononga labala yense. A DOT 5 ndi a mtundu wina ndipo sasakanizidwa ndi enawa. Mafutawa amasupulanso penti, chimene chili chifukwa china choyambira ndi mabuleki wopaka penti asanaitanidwe.

Kuchotsa mpweya ndi ntchito ya anthu awiri. Sipanala boyi amakhala pampando wa dalaivala, mmisiri ali kugudumu ndi kapaipi koonekera m'kati koloza m'botolo. Wina amapopa pedulo n'kuigwira, winayo amatsegula kabawuti kotulutsira mpweya, n'kukatseka pedulo isanasiyidwe. Mwa chizolowezi amayambira gudumu lakutali ndi masita silinda n'kumalizira lapafupi, pokhapokha buku litanena zina. Amabwereza kufikira mafuta otuluka atayera ndi kusiya thovu, uku akuonetsetsa kuti kathanki ka pamwamba sikakuuma, chifukwa kakauma mpweya umalowanso, ntchito n'kuyambiranso. Pedulo yofewa ngati siponji ikunena kuti mpweya ukadalimo. Pedulo imene imamira pang'onopang'ono munthu ataipondereza kwa theka la mphindi ikunena kuti pali podontha, kunja kapena m'kati mwa masita silinda. Galimoto yotere isatuluke pageti.

Kuzoloweretsa mapadi ndi disiki

Magudumu atabwerera, galimoto isanasunthe, pedulo imapopedwa kangapo kuti mapisitoni afike pa mapadi. Oiwala zimenezi amagunda khoma la galaja pa kuponda koyamba. Kenaka imayesedwa pabwalo pang'onopang'ono, ndipo ikakhoza imapita ku msewu wowongoka wopanda anthu ndi ziweto.

Padi yatsopano ndi disiki yokwechedwa sizinadziwane. Zimagwirana bwino pokhapokha padi itapaka kakhungu kake kopyapyala, kofanana ponseponse, pankhope ya disiki. Njira yodziwika ndi iyi: galimoto ifike pa makilomita 60 pa ola, dalaivala aponde mwamphamvu ndithu koma mosakwakwaza matayala, liwiro litsike kufika pa makilomita 10, kenaka anyamukenso asanaime, achite zimenezi kasanu ndi katatu kapena kakhumi, n'kuyenda mphindi zingapo osaponda buleki kuti zitsulo zizizire. Choyenera kupewa ndi kuima chiimire phazi lili pa pedulo madisiki ali moto, chifukwa padi imadinda chithunzi chake pa disiki, ndipo chithunzicho chimadzakhala chiyambi cha kunjenjemera kuja. Akabwerera, mmisiri amayandikizitsa dzanja pa gudumu lililonse, mosakhudza disiki: limene latentha kuposa linzake lili ndi kalipa yosabweza. Amasuzumiranso polumikizira ponse kufuna chinyezi. Makilomita 200 kapena 300 oyamba ayendedwe mofatsa, mafuta azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse ngakhale galimoto siyendayenda, ndipo pa chitsikira chachitali dalaivala atsike ndi giya yaing'ono kuti injini igawane katundu ndi mabuleki.

Ntchito yonseyi imadya masiku, imadyanso ndalama zimene mwini galimoto adaziwerengera penti ndi nsalu za mipando. Apa ndi pamene mtima umayesedwa, pakuti pafupi pomwepo sipasowa makaniko wina wolonjeza kuika mapadi okha m'ola limodzi pa mtengo wochepa. Mwini galimoto ali ndi ufulu wofunsa mafunso atatu: disiki yayezedwa ndipo yapezeka yonenepa bwanji, malire ake ndi otani, ndipo zipangizo zakale zimene zachotsedwa zili kuti? Mmisiri weniweni sakwiya ndi mafunso otere. Amatulutsa chida chake n'kumuonetsa nambala.

Tsiku limene injini idalira, mudzi wonse udamva. Tsiku limene mabuleki atha kukonzedwa palibe woimba nthungululu, pakuti galimoto imaoneka monga idaliri dzulo, penti wake wosuluka yemwe uja. Phindu la ntchitoyi limadzaoneka tsiku lina kutsinde kwa phiri, zitsulo zitatentha, m'galimoto muli mayi okalamba ndi adzukulu awo, pamene mwana wa eni ake adzadumphira mumsewu kuthamangitsa mbuzi. Dalaivala adzaponda, galimoto ya zaka makumi asanu idzaima mowongoka, mwanayo adzaoloka, ndipo ulendo udzapitirira popanda nkhani yokasimba kumudzi. Za injini ndi penti zidikire nthawi yake.